Tiyi Amathandiza, Koma Sachiza: Nkhani ya Tiyi Wobiriwira, Mtima ndi Shuga

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa mabungwe othandizana pa maliro a m'mapulazi ozungulira Banket ndi Trelawney, ku Mashonaland West

Ena mwachokera ku Raffingora, ena ku Mutorashanga, ena ku Darwendale, ndipo mwasiya ntchito yambiri m'mabani ndi m'mashedi. Ndiyankhula m'Chichewa, chinenero cha makolo athu, chimene malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anachiika pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, kuti agogo ndi mdzukulu amve limodzi.

Mabungwe anuwa anayamba kuti m'bale akamwalira kutali ndi kwawo aikidwe mwaulemu. Ntchito imeneyi mwaigwira mokhulupirika. Koma taonani mmene tikufotokozera maliro masiku ano pa siwa. "Anangogwa ali kumunda." "Anadzuka pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo zitafa." "Anawadula mwendo chifukwa cha shuga, ndiye sanachirenso." Mawu amenewa tawamva m'makomboni mwathu kambirimbiri. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo kuno ku Zimbabwe mu 2005 anapeza kuti akuluakulu 27 pa 100 aliwonse anali ndi BP yokwera, ndipo 10 pa 100 anali ndi matenda a shuga. Ku Malawi kafukufuku wofanana naye wa mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Pamene pali mantha, amalonda sachedwa kufika. Mwezi ukatha, tsiku la malipiro, amabwera ndi zikwama pafupi ndi sitolo ya papulazi, ena amatumiza uthenga pa WhatsApp. Akugulitsa tiyi wobiriwira, amene pa paketi pake amalembapo green tea, ndipo akuti amatsuka magazi, amasungunula mafuta, amathetsa BP ndi shuga. Ambiri mwa inu mwafunsa ngati zimenezi n'zoona, ndipo mwachita bwino, pakuti safunsa anadya phula.

Yankho langa lili m'mawu anayi, ndipo ndikupemphani muwasunge: tiyi amathandiza, koma sachiza. Ndiwamasula m'mfundo zisanu. Yoyamba, tiyi wobiriwira ndi chiyani. Yachiwiri, amachita chiyani ku mtima. Yachitatu, amachita chiyani ku shuga ndi kunenepa. Yachinayi, ngozi zake zili pati. Yachisanu, tichite chiyani ndi kapu imene tili nayo kale m'manja.

Mfundo yoyamba: tiyi wobiriwira ndi chiyani?

Ambiri amaganiza kuti ndi mtengo wachilendo umene sumera kuno. Ayi ndithu. Tiyi wobiriwira ndi tiyi wakuda amene timamwa m'mawa uliwonse amathyoledwa pa mtengo umodzi, umene akatswiri a zomera amautcha Camellia sinensis. Ndi womwewo umene wakuta zitunda za ku Thyolo ndi m'munsi mwa phiri la Mulanje, womwewonso wa ku Chipinge ndi ku Honde Valley. Ku Malawi anayesa kuubzala koyamba pa mishoni ya Blantyre mu 1878, ndipo pofika m'ma 1890 minda ya tiyi inali itayamba ku Mulanje. Kuno ku Zimbabwe tiyi wa Tanganda anayambira ku Chipinge m'ma 1920, pa munda wa New Year's Gift. Ena mwa agogo athu anabadwira m'maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje. Anathawa thangata ndi msonkho, nayenda wapansi kudzera ku Tete mpaka kuwoloka Zambezi. Ena anakwera magalimoto a Ulere, ena analembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi, kufikira anadzakhazikika m'mapulazi a fodya ano. Choncho tsamba limeneli si mlendo kwa ife. Makolo athu analithyola ndi manja awo, dengu lili kumsana.

Nanga kusiyana kuli pati? Inu ogwira ntchito ya fodya mumva msanga kuposa wina aliyense. Fodya wa bale mukam'pachika m'chigafa mumam'siya aume ndi mphepo, ndipo tsamba limafiira pang'onopang'ono mpaka kuderako. Koma fodya wa m'bani, tsamba likangofika pa chikasu chimene mukufuna, mumakweza moto kuti mtunduwo uime pomwepo, usapitirire. Tiyi naye n'chimodzimodzi. Tsamba likathyoledwa n'kuphwanyidwa, madzi ake amakumana ndi mpweya n'kuyamba kuda. Akalisiya kuti lide kenako n'kuliumitsa, ameneyo ndiye tiyi wakuda. Akalitenthetsa msanga lisanayambe kuda, ndi nthunzi monga amachitira ku Japan, kapena polikazinga m'chiwaya monga amachitira ku China, limakhalabe lobiriwira.

Kutentha kwamsangako kumasunga zinthu zina za m'tsamba zotchedwa catechins, ndipo chachikulu mwa izo amachitcha EGCG. Zinthu zimenezi zimathandiza kuti mitsempha ya magazi izimasuka bwino, komanso zimachepetsako mafuta a kolesitolo amene matumbo amayamwa. Mu tiyi wakuda zambiri mwa izo zimasanduka zinthu zina, zimene zimapereka kufiira ndi kukoma kuja tinakuzolowera, ndipo nazonso zili ndi ubwino wake. Tiyi wa mitundu yonse iwiri ali ndi caffeine, chinthu chochotsa tulo chija: kapu ya wobiriwira imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 30, ya wakuda pafupifupi 50, pamene ya khofi imayandikira 100.

Ndinenenso ichi. Si tsamba lililonse lobiriwira limene lili tiyi wobiriwira. Zumbani amene tinamwa kwambiri m'nthawi ya Covid ndi chomera china. Cham'mwamba ndi china, makoni ndi china, rooibos wa ku South Africa ndi chinanso. Chilichonse chili ndi nkhani yakeyake, ndipo zimene ndinene lero zikukhudza tsamba la mtengo wa tiyi lokha. Amene akupita ku Malawi adziwe kuti esiteti ya Satemwa ku Thyolo, imene inayamba mu 1923, imapanga tiyi wobiriwira kuchokera m'minda yomweyo.

Mfundo yachiwiri: amachita chiyani ku mtima?

Nkhani yabwino ilipo, ndipo sindikubisirani. Ku Japan, m'dera la Miyagi, akatswiri anatsatira anthu 40,530 a zaka za pakati pa 40 ndi 79, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2006. Anayerekeza amene ankamwa makapu asanu kapena kuposerapo patsiku ndi amene sankamaliza ngakhale kapu imodzi. Kwa amayi omwa kwambiriwo, imfa za matenda a mtima ndi sitiroko zinali zochepa ndi 31 pa 100. Kwa abambo zinali zochepa ndi 22 pa 100. Pa imfa za khansa sanapeze kusiyana. Ziwerengero zimenezi ndi zimene amalonda amatsamira, ndipo ndi zoona.

Koma tiyeni tizimve bwino. Akatswiri aja anangoyang'ana mmene anthu amakhalira, sanawagawire tiyi. Munthu wa ku Miyagi womwa makapu asanu amamwa opanda shuga ndi opanda mkaka, ndipo kadyedwe kake ndi ka nsomba, masamba ndi soya. Gawo lina la ubwinowo likhoza kukhala la tiyi, gawo lina la moyo wake wonse. N'chifukwa chake ofufuza ena anachita mayeso enieni: kutenga anthu ofanana, ena kuwapatsa tiyi wobiriwira, ena ayi, n'kuwayeza patapita milungu kapena miyezi. Ataphatikiza mayeso ambiri otere anapeza kuti BP imatsikadi, koma ndi manambala awiri okha, pafupifupi. Mafuta a kolesitolo nawo amatsika ndi pafupifupi 0.2, pa muyezo umene munthu wabwinobwino amayenera kukhala pansi pa 5.

Tsopano tiyerekeze. Amayi ena apita ku kiliniki, namwino wawamanga lamba pamkono, makina aonetsa 170/100. Malire ndi 140/90. Akamwa tiyi wobiriwira mokhulupirika, mwina afika pa 168. Kodi achoka pa ngozi? Ayi. Piritsi limodzi la BP, monga HCT, amlodipine kapena enalapril, limatsitsa nambala yapamwambayo ndi pafupifupi 9 kapena 10, ndipo ambiri amafunika mitundu iwiri. Kuchepetsa mchere ndi supuni yaing'ono imodzi patsiku kumatsitsa ndi pafupifupi 5 kwa munthu wa BP. Tiyi, awiri. Mchere, asanu. Piritsi, khumi. Manambala awiriwo sindikuwanyoza. Kwa munthu amene sanadwale, ndiponso kwa mtundu wonse wa anthu, ndi phindu lenileni. Koma kwa amayi a 170 aja, ndi chowonjezera chabe pamwamba pa mankhwala.

Palinso nkhani imene amalonda sakuuzani. Mu 2022 kunatuluka kafukufuku wa anthu pafupifupi 500,000 a ku Britain, kumene ambiri amamwa tiyi wakuda ngati ife. Omwa makapu awiri kapena kuposerapo patsiku, imfa zawo zinali zochepa ndi 9 mpaka 13 pa 100 poyerekeza ndi osamwa. Ndiye kuti Tanganda ali pa shelefu yanuyo, kapena tiyi wa Chombe amene achibale amakubweretserani kuchokera kumudzi, naye ali m'gulu lomwelo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musadzione ngati otsalira chifukwa simungakwanitse paketi yodula. Tiyi amathandiza, wobiriwira ndi wakuda yemwe, koma sachiza.

Mfundo yachitatu: amachita chiyani ku shuga ndi kunenepa?

Apa umboni ndi wofooka kuposa wa mtima. Kafukufuku wina wa ku Japan, wa anthu oposa 17,000, amene anatulukanso mu 2006, anapeza kuti omwa makapu asanu ndi imodzi patsiku sankadwala shuga kwambiri ngati anzawo: chiopsezo chawo chinali chochepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma kafukufuku wina wamkulu wa mumzinda wa Shanghai ku China anapeza zotsutsana ndi zimenezi. M'mayeso ogawira anthu tiyi, shuga woyezedwa m'mawa munthu asanadye amatsika pang'ono kwambiri, ndipo muyezo wa shuga wa miyezi itatu nthawi zambiri susintha kwenikweni. Palibe mayeso amene anaonetsa kuti tiyi angalowe m'malo mwa metformin kapena jakisoni wa insulin. Ndibwereze kuti a kumbuyo amve: palibe.

Za kuonda ndiye zimene zimakopa kwambiri atsikana ndi amayi achichepere. Mu 2012 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa mayeso onse pa nkhani imodzi n'kuwaunika mosakondera, linaunika za tiyi wobiriwira ndi kuonda. Linapeza kuti kuonda kwake n'kochepa kwambiri, kosakwana kusintha thanzi la munthu. Ngati mnzanu anaondadi atayamba tiyi wobiriwira, m'funseni bwino. Kawirikawiri mupeza kuti anasiya shuga ndi mkaka m'kapu, anasiya zakumwa za m'botolo, anachepetsa buledi ndi mandasi. Chimene chinam'thandiza kwambiri ndi zimene anasiyazo.

Matenda a shuga amabwera thupi likalephera kugwiritsa bwino ntchito insulin, chinthu chimene kapamba amatulutsa kuti shuga achoke m'magazi n'kulowa m'minofu. Mafuta a pamimba, kukhala pansi nthawi yaitali, zakudya zoyera ndi zotsekemera, komanso mtundu wa kubanja, ndi zimene zimakoka matendawa. Zizindikiro zake muzidziwe: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ngakhale usiku, kuonda popanda chifukwa, kufooka, maso kuona mwachimbuuzi, ndi chilonda chosapola, makamaka kuphazi. Woona zimenezi apite akabayitse chala kuchipatala sabata yomweyo. Asayambe wagula paketi ya tiyi.

Mfundo yachinayi: ngozi zili pati?

Tiyi wofulula m'kapu, makapu atatu kapena anayi patsiku, alibe vuto kwa munthu wamkulu wathanzi. Ngozi zili zisanu, ndipo ndizitchula chimodzichimodzi.

Ngozi yoyamba, yoposa zonse, ndi kusiya mankhwala. Ndikudziwa mavuto ake. Kiliniki ili kutali, tsiku lopita kumeneko ndi tsiku lotaya mgwazo, ndipo nthawi zina mumafika n'kuuzidwa kuti mukagule nokha. Ndiye wina akabwera n'kunena kuti paketi imodzi ithetsa zonse, mtima umakopeka. Koma BP siimveka m'thupi. Munthu amalima, amaseka, amavina, pamene mitsempha ya mu ubongo, mtima ndi impso zikuwonongeka mwakachetechete. Tsiku limene idzamveke ndi tsiku la sitiroko, ndipo madzi akatayika sawoleka. Mankhwala a BP ndi a shuga amamwedwa tsiku lililonse, ngakhale pamene mukupeza bwino, chifukwa kupeza bwinoko ndi ntchito ya mankhwalawo. Mukayamba kumwa tiyi wobiriwira wambiri, auzeni anamwino, chifukwa pali mankhwala ena a mtima, monga nadolol, amene tiyiyu amawatchinga kulowa m'magazi.

Ngozi yachiwiri ndi makapisozi ndi matiyi oondetsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kapisozi wa tiyi wobiriwira ndi EGCG wa makapu ambirimbiri wopanikizidwa pamodzi. Mu 2018 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, la EFSA, linachenjeza kuti mamiligalamu 800 kapena kuposerapo patsiku, omwedwa mwa njira imeneyi, akhoza kuvulaza chiwindi. Amene muli pa ma ARV, pa mankhwala a TB, kapena mumamwa kachasu, chiwindi chanu chili kale ndi katundu wolemera. Musachiwonjezere wina. Matiyi ambiri oondetsa amasakanizidwa ndi masamba otsekula m'mimba, ndipo chimene chimachoka ndi madzi a m'thupi, mafuta ali pomwepo. M'zinthu zina zoondetsa apezamo sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pamsika m'mayiko ambiri mu 2010 chifukwa choyambitsa sitiroko ndi matenda a mtima. Kuno bungwe lovomereza mankhwala ndi MCAZ. Wogulitsa akanena kuti chinthu chake chimachiza, m'funseni ngati chinalembetsedwa kumeneko.

Ngozi yachitatu ndi kuchepa kwa magazi. Madokotala a ku South Africa anaonetsa kale mu 1975 kuti tiyi womwera pa chakudya amatchinga ayironi wa m'chakudyacho kulowa m'thupi. Ife ayironi wathu wambiri timam'peza m'nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso ndi nkhwani, ndipo ameneyu ndi amene tiyi amam'tchinga kwambiri. Amayi oyembekezera, atsikana amene ayamba kusamba, ndi aliyense amene anauzidwa kuti magazi ndi ochepa, adikire ola limodzi akadya asanamwe tiyi. Mapiritsi a magazi a kusikelo amwereni madzi. Ndipo mwana wakhanda asapatsidwe tiyi: m'mimba mwake mukhale malo a bere ndi phala.

Ngozi yachinayi ndi kutentha. Mu 2016 bungwe lofufuza za khansa la World Health Organization linanena kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikhoza kuyambitsa khansa ya kum'mero. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo kafukufuku wa ku Malawi ndi Tanzania anapeza kuti okonda zakumwa ndi phala lotentha kwambiri ndi amene amadwala kwambiri. Tonse timam'dziwa bambo amene amatsanula tiyi kuchokera pamoto n'kumamwa mofwifwinya, nthunzi ili tolotolo, chifukwa belu la ntchito lalira. Ngati kapu ikuwotcha milomo, ikuwotchanso kum'mero. Dikirani mphindi zisanu.

Ngozi yachisanu ndi caffeine. Tiyi wambiri madzulo amachotsa tulo, ndipo ena amamva mtima kugunda mofulumira. Mayi woyembekezera asapitirire makapu awiri kapena atatu patsiku. Amene tiyi wobiriwira amawachititsa nseru, asamwe m'mimba muli mopanda kanthu.

Mfundo yachisanu: tichite chiyani ndi kapu imene tili nayo kale?

Abale anga, nkhani yaikulu ili pa supuni. Tiyeni tiwerengere limodzi. Supuni yaing'ono ya shuga, yosadzaza mpaka kutumphuka, ndi magalamu 4. Ambiri a ife timathira zinayi, makamaka mu tiyi wamkaka wokhathamira uja anzathu a Chishona amamutcha tii hobvu. Ndiye magalamu 16 pa kapu. Makapu atatu patsiku ndi magalamu 48. Pa chaka ndi makilogalamu 17 ndi theka, pafupifupi mapaketi 9 a makilogalamu awiri, munthu mmodzi, mu tiyi mokha. World Health Organization imalangiza kuti shuga yense wothira wa tsiku lonse asapitirire magalamu 50, ndipo ndi bwino koposa akakhala pansi pa 25, omwe ndi masupuni asanu ndi imodzi. Ife timamaliza pafupifupi muyezo wonsewo tisanawerengere wa m'phala, wa m'maheu ndi wa m'botolo. Boma linaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa mu 2024, koma supuni ya m'nyumba mwanu palibe boma limene lingaigwire. Mukathira masupuni anayi mu tiyi wobiriwira, shugayo amadya phindu lonse la tsamba.

Ndikudziwa chifukwa chake timathira wambiri. Munthu wopita kukathyola fodya mame asanaume, m'mimba muli kapu ya tiyi ndi kachidutswa ka chimodho, shuga ndiye mphamvu yake. Sindikukuuzani kuti mupite kumunda ndi njala. Ndikuti mphamvuyo ichokere ku mbatata, chinangwa, dzungu, mtedza kapena phala la mgaiwa, zimene zimakhalitsa m'mimba. Ndipo musasiye shuga tsiku limodzi, mudzalephera. Chotsani supuni imodzi, mukhale choncho milungu iwiri, kenako chotsani ina. Lilime limazolowera. Pang'onopang'ono ndi mtolo: mmene shuga anaunjikira m'thupi ndi mmenenso angachokere.

Amene mukufuna kuyesa tiyi wobiriwira, gulani masamba wamba kapena timatumba ta m'sitolo. Madzi awire kaye kuti majeremusi afe, pakuti kolera timam'dziwa. Aphuleni, adikire mphindi zitatu kapena zisanu, kenako thirani pa masamba. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu chotsani masambawo. Musawawiritse m'poto ngati mmene timachitira ndi tiyi wamkaka, chifukwa amawawa, ndipo kuwawako n'kumene kumaitana shuga. Kadontho ka ndimu kamakometsa. Ngati ndalama ndi yochepa ndipo muyenera kusankha pakati pa paketi ya tiyi wobiriwira ndi mankhwala a mwezi uno, gulani mankhwala.

Pambali pa kapu pali zinthu zitatu zolemera kuposa tiyi. Choyamba ndi mchere. Muyezo wake ndi magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa m'buledi ndi wa m'supu wa m'mapaketi. Matemba a ku Kariba amaumitsidwa ndi mchere, choncho avikeni m'madzi n'kutaya madziwo musanaphike, ndipo mbale ya mchere ichoke pamphasa podyera. Chachiwiri ndi fodya. Ndikudziwa kuti fodya ndiye amalipira sukulu ya ana athu, koma kulima ndi kusuta ndi zinthu ziwiri. Fodya amapha mpaka theka la amene amam'suta osasiya, ndipo chingambwe chopichira m'pepala chimawononga mitsempha ngati ndudu ya m'sitolo. Palibe kapu ya tiyi imene ingafufute utsi umenewo. Chachitatu ndi kuyezetsa. Aliyense wamkulu ayezetse BP kamodzi pachaka, ndipo amene ali pa mankhwala, monga mmene anamwino anamuuzira.

Apa ndiye ndili ndi pempho kwa inu atsogoleri a mabungwe. Mutu umodzi susenza denga. Mumakumana mwezi ndi mwezi kudzasonkha, ndipo muli ndi alembi ndi asungichuma okhulupirika. Makina oyezera BP a mabatire mtengo wake sufika pa wa bokosi limodzi la maliro. Gulani amodzi. Sankhani achinyamata awiri akaphunzire kuyeza kwa anamwino a pa kiliniki yapafupi. Tsiku losonkha, membala aliyense akhale pansi mphindi zisanu, ayezedwe, nambala yake ilembedwe m'buku. Wopezeka pa 140/90 kapena kuposerapo masiku awiri osiyana, bungwe lim'perekeze kuchipatala. Ndipo mukaona munthu pakamwa papotoka, mkono wagwa, mawu sakumveka, kapena akumva kupanikiza pachifuwa ndi thukuta, pezani galimoto nthawi yomweyo, kaya ndi thirakitala ya papulazi, mum'thamangitsire ku Banket kapena ku Chinhoyi. Sindinabwere kudzatsutsana ndi chikhulupiriro cha munthu aliyense. Pempherani, funsani kwa akuluakulu, koma muchite zimenezo wodwala ali kale m'manja mwa dokotala, chifukwa pa sitiroko maola oyambirira ndiwo amapulumutsa ubongo.

Ndimange mtolo tsopano. Choyamba, tiyi wobiriwira ndi tiyi wakuda ndi tsamba limodzi, kusiyana kwake ndi kakonzedwe. Chachiwiri, ku mtima amathandiza, koma pang'ono: manambala awiri, pamene mchere ndi asanu, piritsi ndi khumi. Chachitatu, sachiza shuga ndipo saondetsa. Chachinayi, musasiye mankhwala, pewani makapisozi, musamwere tiyi pa chakudya ngati magazi ndi ochepa, ndipo mulekeni azizireko. Chachisanu, chepetsani supuni, chepetsani mchere, siyani kusuta, yezetsani.

Wogulitsa akadzabweranso mwezi uno ukatha, m'landireni mwaulemu monga mwa chikhalidwe chathu, ndipo mumuuze mawu anayi aja: tiyi amathandiza, koma sachiza. Azigogo, mukawauze ana anu. Achinyamata, mukawafotokozere amene sanathe kubwera, m'Chichewa kapena m'Chishona, mmene angamvere. Anamwino ali pakhonde ndi makina awo, ndipo kuyeza kwa lero n'kwaulere. Tiyambe ndi azigogo, kenako amayi oyembekezera, kenako tonsefe. Munthu asapite kwawo asanadziwe nambala yake.